Mankhwala a m'dimba amalowera pakhungu

Mvula ikangotha, madimba a ku Ntcheu ndi Dedza amadzaza ndi tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere, ndipo m'mawa uliwonse mumaona anthu atabereka masipuleya kumsana. Chibwerereni mbozi zowononga chimanga m'chaka cha 2016 ndi 2017, kupopera kwafika ngakhale m'minda yomwe kale sinkadziwa mankhwala. Sindikuletsa kupopera, alimi anzanga. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene timagwirira mankhwalawo.

Sabata yapitayi ndinapeza mnyamata wina m'dimba akusakaniza mankhwala ophera tizilombo a dimethoate m'ndowa. Ndodo panalibe, anapisa dzanja mpaka m'chigongono n'kumavundula. Nozo, potulukira mankhwala pasipuleya, itatsekeka, anaichotsa n'kuiuzira ndi pakamwa. Sipuleya yake inkadontha pachivindikiro, malaya onse kumsana ali nyowe. Nditamufunsa, anati, "Alangizi, sindikumwatu, ndikungopopera." Ambiri timaganiza choncho, kuti poizoni amapha akamwedwa basi. Koma kwa mlimi, khomo lalikulu lolowera mankhwala ndi khungu, makamaka pamene pali thukuta kapena bala: pachipumi, m'khwapa, kumsana, ndipo kumalo obisika amalowa msanga kuposa pena paliponse. Ndiye taganizirani munthu amene wapita kukataya madzi asanasambe m'manja.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosakaniza, chifukwa mankhwala amakhala asanasungunulidwe. Valani magolovesi a labala, osati a nsalu, chifukwa nsalu imamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu. Ngati magolovesi mulibe, majumbo apulasitiki osabooka omangidwa pamkono ndi abwinoko kusiyana ndi manja okha. Valani malaya a manja aatali, buluku, nsapato zotseka ndi chipewa. Yezani mlingo umene walembedwa pabotolo. Kuwonjezera sikupha tizilombo msanga, kumangowotcha mbewu ndi kukudwalitsani. Nozo ikatsekeka, tokosani ndi kaudzu. Poperani m'mawa kapena madzulo kukazizira, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, ndipo fodya, nzimbe kapena chakudya chilichonse chidikire mpaka mutasamba ndi sopo. Zovala zopoperera zichapidwe pazokha, kutali ndi chitsime. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso ana, asayandikire ntchitoyi.

Mankhwala a gulu la dimethoate ndi chlorpyrifos amasokoneza mitsempha. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, thukuta kwambiri, malovu kuchucha, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, maso kuona mwachimbuuzi, minofu kunjenjemera, kenaka chifuwa kubanika. Kumudzi timangoti ndi dzuwa, kapena malungo. Zikatere mutangopopera, vulani zovala, sambani ndi madzi ambiri ndi sopo, muthamangire kuchipatala mutanyamula botolo lomwelo kuti achipatala adziwe chopereka; mankhwala othetsa poizoni wa gulu limeneli, atropine, ali kuchipatala, osati kunyumba. Wodwala musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere, ndipo musamusanzitse. Zimenezi zimangochedwetsa, ndipo masanzi akalowa m'mapapo vuto limakula.

Pali nkhani ina imene imandipweteka mtima. Pabotolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Ena amapopera lero, mawa tomato ali pamsika wa Lizulu, ufa wa mankhwala a Dithane ukuonekera pakhungu lake. Wogula ndi mayi wokaphikira ana, ndipo otsala timadya tokha pakhomo. Werengani masikuwo musanapopere, ndipo ngati msika wayandikira, yambani mwakolola.

Pogula, pitani kusitolo yovomerezeka ndi Pesticides Control Board, bungwe loyang'anira mankhwalawa pansi pa lamulo la 2000. Za m'timabotolo topanda chizindikiro ndi timapepala ta temiki tomwe amagulitsa mumsewu, zisiyeni. Simudziwa zomwe zilimo, ndipo achipatala nawonso sadzadziwa. Musathire mankhwala m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana akaona botolo la Fanta amangomwa. Kunyumba asungeni pamalo okhoma, osati kunsi kwa bedi kapena pafupi ndi ufa.

Botolo likatha, thiranimo madzi, khutchumulani, tsanulirani musipuleya, katatu. Kenaka liboleni ndi msomali. Ndaonapo zigubu za mankhwala zikusungira mchere, thobwa ndi madzi akumwa a ana opita kusukulu, eni ake akunena kuti anatsuka bwino. Pulasitiki imasunga mankhwala mkati mwake, ndipo sopo sawachotsa onse. Chigubu chobooka palibe angachitole kukatungira madzi. Musachitaye mumtsinje kapena kuchiwotcha pamoto wophikira. Chisungeni pamalo okhoma pomwe paja, mufunse alangizi a kudera kwanu kokachisiya.