Momwe mungachongere mwachilungamo pa mpikisano wa sayansi wa ophunzira

Ngati mwapatsidwa ntchito yoweruza mpikisano wa sayansi wa masukulu a sekondale kuno ku Mulanje, lembani marking scheme (ndondomeko ya kagawidwe ka malikisi) ana asanafike, ndipo malikisi ambiri muwaike pa njira yopezera yankho.

Tiyerekeze funso ndi lopeza density (kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake) ya mwala wotola ku Likhubula. Mwalawo ukulemera magalamu 54, ndipo atauika mu measuring cylinder (chiwiya choyezera kuchuluka kwa madzi) madzi akwera kuchoka pa 50 kufika pa 70 ml. Ndiye kuti volume (kukula kwa mwalawo) ndi 20 cm³, ndipo tikagawa 54 ndi 20 yankho ndi 2.7 g/cm³. Malikisi 10 agaweni chonchi: 2 powerenga bwino pomwe madzi afika, diso lili molingana ndi madziwo, 2 pochotsera, 3 polemba fomula ndi kuikamo manambala, yankho 1, mayuniti 1, kubwereza muyeso 1.

Pomwe oweruza ambiri amaphonya ndi apa. Mwana wawerenga 75 m'malo mwa 70. Wachotsera bwino, wapeza 25, wagawa 54 ndi 25, wapeza 2.16. Woweruza wothamanga amangoona kuti si 2.7, basi nkhwasu, ziro. Ayi ndithu. Mwanayu walakwa kamodzi kokha, powerenga madzi, choncho mumuchotsere 2 okhawo, atenge 8. Mukamulanganso pa yankho ndiye kuti mwamulanga kawiri pa cholakwa chimodzi. Tengani kalikuleta, mutsate manambala akewo mzere ndi mzere. Zimadya nthawi, koma umo ndi momwe mumaonera yemwe wamvetsa. Koma amene wangolemba 2.7 g/cm³ popanda kuonetsa ntchito apate 2 basi, chifukwa simungadziwe ngati sanaonere kwa mnzake.

Siyaninso malo a njira zina zolondola. Wa ku CDSS kopanda labu angadzaze kapu mpaka pakamwa, n'kuikamo mwala, n'kuyeza madzi osefukirawo ndi sirinji. Njirayi ndi yoona, mpatseni malikisi ake onse. Chingerezi chothyoka musachilange ngati sayansi yake ikumveka.

Zida ziyeseni dzulo lake. Masikelo otchipa ena amanama: thirani madzi okwana 100 ml, sikelo iyenera kuwonjezera magalamu 100. Ikapanda kutero ichotseni. Samalaninso ndi ogulitsa ena omwe amakutsatsani mabatire okhalitsa pa mtengo wotsika. Batire la tochi labwino limapereka mavoti 1.5, liyeseni ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) musanalipire. Ndalama zikachepa, kuli bwino magulu onse azisinthana sikelo imodzi yabwino kusiyana n'kugula zinayi zosiyana mayankho. Lembani kulemera kwa mwala uliwonse ndi nambala yake, poti miyala simafanana.

Pamapepala pasalembedwe dzina la mwana kapena la sukulu, pakhale nambala yokha. Musanayambe, oweruza onse achonge mapepala atatu omwewo, kenako ayerekeze. Akasiyana ndi malikisi oposa 2, akambirane mpaka amvane, zimene agwirizanazo azilembe pa scheme. Funso limodzi alichonge munthu mmodzi kwa ana onse, ndipo mphunzitsi asaweruze gulu la sukulu yake.

Zotsalazo n'zosavuta. Wina awonkhetse malikisi, winanso awonkhetse payekha. Magulu akafanana, apambane amene ali ndi malikisi ambiri a njira. Mukalengeza, apatseni aphunzitsi mapepala a ana awo pamodzi ndi scheme.