Momwe mungaonere komwe timitsempha ta mu ubongo wa munthu taloza pogwiritsa ntchito kuwala

Makina a MRI amaonetsa misewu ikuluikulu ya mitsempha mu ubongo wa munthu wamoyo, koma kadontho kamodzi pa chithunzi chake kamakhala milimita imodzi kapena awiri, ndipo m'kadontho komweko mumadutsa timitsempha masauzande ochuluka. Kuti muone tinthu tating'ono chonchi pali njira ya 3D-PLI (3D Polarized Light Imaging, kujambula pogwiritsa ntchito kuwala kosefedwa), imene gulu la Markus Axer ndi Katrin Amunts la ku Forschungszentrum Jülich ku Germany linafalitsa mu 2011. Imagwira pa ubongo wa munthu womwalira amene ali moyo anavomereza kuti thupi lake lithandize pa kafukufuku.

Njirayi siifuna utoto uliwonse. Imadalira myelin, mafuta amene amakuta mtsempha monga pulasitiki imakutira waya wamagetsi. Mafutawa anayalana mwadongosolo, choncho kuwala kosefedwa, kumene mafunde ake amagwedezeka mbali imodzi yokha, kukadutsamo kumasintha molingana ndi komwe mtsemphawo waloza. Pa sitepe iliyonse, chimene mukuteteza ndi mafuta amenewa.

Yambani ndi kulimbitsa ubongowo. Ubongo uchotsedwe pasanathe maola 24 munthu atamwalira, muuviike mu formalin wa 4 peresenti kwa miyezi ingapo. Mukafulumira kuuvuula, kunja kumakhala kolimba m'kati mudakali phalaphala, ndipo mpeni ukafika pamenepo umangong'amba. Amene anazolowera labu ya kuchipatala asamale apa: musauike mu phula la paraffin monga muchitira ndi tizidutswa ta odwala. Mowa ndi xylene zimene zimagwira ntchito pa njira imeneyo zimasungunula mafuta, ndipo chithunzi chimatuluka chopanda kanthu.

Kenako uviikeni mu glycerin wa 10 peresenti, pambuyo pake wa 20 peresenti, wothiramo mankhwala a DMSO a 2 peresenti othandiza kuti glycerin alowe, mpaka alowerere. Cholinga chake n'chakuti madzi a m'kati asaundane n'kupanga timibulu takuthwa. Timibuluto timaboola mnofu, ndipo pa maikulosikopu mumangoona timabowo ngati siponji. Ukalowerera, umizeni m'mankhwala amadzimadzi otchedwa isopentane ozizira pafupifupi -50°C kuti uundane msanga, n'kuusunga mu firiji ya -80°C.

Kudula kumachitika mu makina ozizira otchedwa cryostat. Kagawo kalikonse kakhale kochindikala mamaikulomita 60, kapena kuti milimita imodzi mukaigawa pafupifupi ka 17, ngati tsitsi limodzi. Ubongo wotalika masentimita 17 umatulutsa tizigawo toposa 2,800. Musanadule kagawo kalikonse, jambulani nkhope ya ubongo wotsala pa makinapo. Ambiri amaona ngati n'kutaya nthawi, koma kagawo kakafika pagalasi kamatamuka kapena kupindika pang'ono, ndipo zithunzi zimenezi ndi zimene kompyuta idzagwiritse ntchito pobwezera kagawo kalikonse pamalo pake.

Yalani kagawoko pagalasi lozizira, dontheziranipo glycerin wa 20 peresenti, vundikirani ndi kagalasi kopyapyala, ndipo m'mphepete mumate ndi polishi wa zikhadabo. Thovu la mpweya likatsalira m'kati lidzaoneka ngati mphete yakuda. Kagawoko musakasunge nthawi yaitali musanajambule, chifukwa pakapita nthawi kamayamba kuonekera kwambiri ndipo kuwala kodutsamo sikufanananso ndi kwa tizigawo tatsopano.

Chojambulira chili ndi nyali yobiriwira ya LED, ya mafunde a kuwala otalika mananomita pafupifupi 525, zosefera kuwala ziwiri zopingasana ndi kagalasi kotchedwa quarter-wave retarder, kamene kamasintha momwe mafunde a kuwala akugwedezekera. Kagawo kamakhala pakati osasuntha, zosefera ndizo zimazungulira. Zungulizani madigiri 10 n'kujambula, kuyambira pa 0 mpaka 170, zithunzi 18 zonse pamodzi. Musaiwale kujambulanso zina popanda kagawo, kuti mukonzere pamene nyali ikuwala mosafanana. Chojambulira chachikulu chimatenga kagawo konse kamodzi, kadontho kake n'kukhala mamaikulomita 64. Cha maikulosikopu chimafika pa 1.3, koma chimajambula kachigamba kamodzikamodzi ndipo muyenera kulumikiza.

Mukatsatira kadontho kamodzi pa zithunzi 18 zija, mudzaona kakuwala n'kuzima ngati funde. Pamene fundelo lafika pamwamba ndi pamene pamakuuzani komwe mtsempha waloza pagalasipo. Kukula kwa funde kumasonyeza kupendekeka: mtsempha wogona umapereka funde lalikulu, woimirira moloza kamera pafupifupi supereka kanthu. Kompyuta imapatsa mbali iliyonse mtundu wake n'kujambula mapu.

Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Funde laling'ono lili ndi matanthauzo atatu: mtsempha waimirira, kapena pali myelin wochepa monga m'khungwa lotuwa la ubongo, kapena mitolo iwiri ya mitsempha yadutsana mopingasa n'kufafanizana. Chithunzi cha kuwala konse kodutsa chimathandiza pang'ono, chifukwa pamene pali myelin wambiri pamada. Palinso vuto lakuti funde silinena ngati mtsempha ukukwera kapena ukutsika. Kuti mudziwe, pendeketsani galasi madigiri ochepa mbali zinayi, n'kubwereza zithunzi 18 zija mbali iliyonse.

Pa mitolo yodutsana, tengani kagawo komweko muyese njira ya Scattered Light Imaging imene Miriam Menzel ndi anzake anakonza ku Jülich komweko. Muunike kagawoko chammbali, kuchokera mbali zosiyanasiyana kuzungulira, kamera ili pamwamba. Mtsempha umamwaza kuwala kwambiri mopingasa ndi kutalika kwake, choncho mtolo umodzi wogona umawala kawiri pozungulira kamodzi, ndipo iwiri yodutsana imawala kanayi.