Kukonza foni, kaundula ndi kalendala ya gulu logulitsa malonda: malangizo kwa eni mabizinesi a ku Mchinji

Bizinesi yogulitsa mbewu, feteleza, mankhwala a m'munda kapena zipangizo za sola ikakula mpaka kukhala ndi ogulitsa atatu kapena asanu oyenda m'midzi, mavuto ake amasintha. Katundu alipo, ofuna kugula aliponso, koma mlembi wa kalabu ya alimi ku Mkanda waimbiridwa ndi anthu awiri a sitolo imodzi tsiku lomwelo, aliyense akutchula mtengo wake. Uku wapampando wa kopaletivu ku Waliranji, amene anamulonjeza kuti amupeza Lachiwiri, wadikira mpaka dzuwa kupendeka osaona munthu. Kawirikawiri vuto silikhala ulesi. Manambala a makasitomala ali m'mafoni a anthu osiyanasiyana, ndipo malonjezo ali m'mitu mwawo. Zipangizo zimene tikambe pano ntchito yake ndi imodzi: nambala ndi lonjezo lililonse zikhale pamalo pamene gulu lonse likuziona.

Yambani ndi simu khadi, musanaganize za pulogalamu iliyonse. Nambala imene ogulitsa akuimbira makasitomala ikhale ya bizinesi. Kuno simu khadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye ikalembetsedwa m'dzina la wantchito, tsiku limene wasiya ntchito amapita nayo pamodzi ndi alimi onse amene anaizolowera, ndipo inu mulibe poyambira kuiitanitsa. Pitani ku ofesi ya Airtel kapena TNM mukalembetse manambalawo m'dzina la bizinesi kapena la mwini wake. Wogulitsa aliyense akhale ndi foni yolowa makhadi awiri, Airtel ndi TNM, chifukwa mabandulo ambiri otsika mtengo amagwira poimbira netiweki yomweyo, komanso pali midzi imene netiweki imodzi imagwira ina ili zii. Kwa amene amayendera midzi ya m'malire cha ku Mwami, foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya ku Zambia, mayunitsi n'kutha mosadziwika bwino. Lowani pa zokonzera za netiweki, muchotse zoti foni izidzisankhira yokha, musankhe netiweki yanu pamanja.

Kenaka tsegulani akaunti imodzi ya Google ya bizinesi, nambala yake yachinsinsi isungidwe ndi mwini bizinesi ndi munthu mmodzi wodalirika. Kaundula, kalendala ndi manambala zonse zibadwire mu akaunti imeneyi, ogulitsa azingopatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito kaundula ndi kalendala kudzera m'maakaunti awo. Wina akachoka, mumangomuchotsera chilolezo, zinthu zonse zimatsala.

Kaundula wa makasitomala

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye tichedwapo. Google Sheets, pulogalamu ya Google yolembamo zinthu m'mizere ndi m'mabokosi, ndi yokwanira kwa gulu la anthu osapitirira khumi. Kasitomala aliyense akhale ndi mzere wake umodzi, ndipo pamwamba mulembe mitu iyi: dzina, udindo wake, nambala, mudzi ndi msika umene wayandikana nawo, chimene akufuna, wogulitsa amene akumusamala, tsiku limene munalankhula naye komaliza, zimene munagwirizana, ndi tsiku lodzamuimbiranso. Musawonjezere mitu ina yambirimbiri. Wogulitsa amene ali pa njinga yamoto pa Kamwendo sangadzaze mabokosi makumi awiri pa foni yaing'ono, ndipo akatopa amasiyiratu kulemba.

Pa mitu yonseyi, iwiri ndiyo simuyenera kuilola kukhala yopanda kanthu: dzina la wogulitsa amene akusamala kasitomalayo, ndi tsiku lodzamuimbiranso. Kasitomala mmodzi, womusamala mmodzi. Mukhoza kugawa potsata madera, wina atenge mbali ya Kapiri, wina Mkanda, wina Boma ndi Waliranji, koma dzina lilembedwe pa mzere uliwonse kuti pasakhale kulimbirana komishoni kumapeto kwa mwezi.

Pali tinthu titatu timene timasokoneza kaundula wotere ngati simunatikonze poyamba. Koyamba, Sheets imaona nambala ya foni ngati chiwerengero wamba, ndiye imachotsa 0 woyambirira, ndipo mukayamba ndi chizindikiro cha + imayesa mukufuna kuwerengetsa samu. Sankhani chigawo chonse cha manambala, pitani pa Format, Number, musankhe Plain text musanalembe nambala ngakhale imodzi. Manambala onse alembedwe mofanana: +265 kutsogolo, 0 achotsedwe, kutsatire manambala asanu ndi anayi opanda mipata. Makasitomala a ku Chipata ndi madera ena a ku Zambia awo ayambe ndi +260. Mukalemba mosakaniza, munthu mmodzi amapezeka kawiri kapena katatu ndipo kompyuta siidziwa kuti ndi yemweyo. Kachiwiri ndi madeti. Kaundula akakhala pa kalembedwe ka ku America, 3/10 amawerengedwa kuti pa 10 Marichi pamene inu mumatanthauza pa 3 Okutobala, ndiye mlimi wofuna mbewu mvula isanagwe adzaimbiridwa chimanga chitakhwima kale. Pitani pa File, Settings, musinthe dziko likhale United Kingdom, limene limayamba ndi tsiku kenako mwezi monga timalembera kuno. Kachitatu, pa chigawo cha zotsatira ikani mawu osankha okhazikika, monga sanayankhe, nambala siikupezeka, akuganizira, tagwirizana tsiku, wagula, wakana. Aliyense akamalemba mawu akeake, simungathe kusefa kuti muone anthu amene akudikira yankho.

Manambala omwewo aikeni mu Google Contacts ya bizinesi, osati pa simu khadi kapena m'foni momwe; amaoneka pa foni imene mwini bizinesi wailowetsa mu akauntiyo. Dzina lilembedwe ndi dera lake, kuti foni ikalira wogulitsa adziwiretu amene akuimba. Foni ikagwera m'madzi kapena kubedwa pa msika, manambala amabwerera onse mukangolowa mu akaunti pa foni ina.

Kalendala ya misonkhano

Pa kompyuta, tsegulani Google Calendar mupangire wogulitsa aliyense kalendala yake ya mtundu wakewake. Wogulitsayo apatsidwe chilolezo chosintha kalendala yake, anzake chongoona. Woyang'anira malonda aziona onse pamodzi. Onetsetsani kuti nthawi ili pa ya chigawo chapakati cha Africa, maola awiri kutsogolo kwa GMT, ndiponso kuti wotchi ya foni iliyonse ikulondola. Foni imene wotchi yake inasokonekera imakumbutsa msonkhano utatha kale.

Msonkhano uliwonse ulembedwe pomwepo, foni isanadulidwe kapena wogulitsa asanakwere njinga. Pamutu pakhale dzina la kasitomala ndi mudzi, m'munsi nambala yake, chimene mukukakambirana ndi katundu woyenera kunyamula. Malo alembedwe monga anthu amalondolerana: pa sukulu ya pulaimale, pa chigayo, pansi pa mtengo wa mango wa kwa amfumu. Mapu a pa intaneti sadziwa njira zambiri za m'midzi.

Cholakwika chimene chimachitika kwambiri ndi kuthithikiza misonkhano ngati kuti onse ali m'tauni imodzi. Ulendo nawonso ulembedwe m'kalendala ngati ntchito payokha. M'chilimwe siyani mphindi 45 kapena ola pakati pa midzi yoyandikana. Kuyambira Disembala mpaka Marichi, pamene misewu ya fumbi imasanduka matope ndipo timitsinje timadzaza, wirikizani kawiri. Kumbukiraninso kuti msonkhano wa kalabu suyamba pa ola limene mwalemba. Anthu amafika mmodzimmodzi, pali pemphero, pali malonje, nthawi zina amfumu ayambe alankhula. Misonkhano itatu ya m'midzi pa tsiku ndi yokwanira. Wolemba isanu amakhala akunamiza anthu awiri. Ndi nzeru kupatula masiku: mwachitsanzo Lolemba ndi Lachinayi akhale oimba mafoni pa sitolo, masiku enawo oyenda, ndipo ulendo wa dera lililonse ugwirizane ndi tsiku la msika wa kumeneko, pamene anthu a midzi yambiri amapezeka malo amodzi.

Ikani zikumbutso ziwiri, china tsiku limodzi msonkhano usanachitike, china ola limodzi. Dziwani kuti zikumbutso zimenezi zimalira pa foni ya wogulitsa yekha. Google Calendar imaitana alendo kudzera pa imelo, ndipo alimi ambiri sagwiritsa ntchito imelo. Choncho chikumbutso choyambacho chikalira, wogulitsa aimbe kapena atumize uthenga wa pa foni wotsimikiza tsiku, nthawi ndi malo. Foni ya mphindi imodzi imeneyi ndi imene imakudziwitsani kuti m'mudzimo mwagwa maliro, musanawotche mafuta a njinga pachabe. Mafoni ambiri a Android amatseka okha mapulogalamu pofuna kusunga batire, zikumbutso n'kusiya kulira. Lowani pa zokonzera za batire mulole Calendar kugwira ntchito nthawi zonse.

Mapulogalamu onga Calendly, amene amapatsa kasitomala linki yoti adzisankhire yekha nthawi, amathandiza pa makasitomala a m'maofesi: mabungwe ogula mbewu zambiri, masukulu, ma esiteti. Calendly yaulere imalola mtundu umodzi wa msonkhano, ndipo mukailumikiza ku Google Calendar imabisa yokha maola amene atengedwa kale. Ikani kuti munthu asasankhe nthawi yosakwana tsiku limodzi kuchokera pamene akusankhapo. Kwa mlimi wa kafoni ka mabatani, linki ilibe ntchito. Musataye nayo nthawi.

Kuimba mafoni

M'mawa wa tsiku loimba, wogulitsa asefe kaundula kuti aone mizere ya dzina lake imene tsiku lodzaimbiranso lakwana kapena lapitirira. Amenewo ndiwo oyamba, atsopano pambuyo. Mafoni 25 kapena 30 pa tsiku, olembedwa bwino zotsatira zake, amapindula kuposa 80 amene palibe akukumbukira zimene zinakambidwa. Alimi m'nyengo yolima amakhala ku munda m'mawa wonse, ndipo foni amaisiya kunyumba kapena kotchajitsa pa golosale. Apezeni masana akaweruka, kapena chakumadzulo. Eni masitolo musawaimbire pa tsiku la msika. Lembani pa mzere wa munthu ngati amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamlungu.

Mawu oyamba ndi ofunika kwambiri masiku ano, chifukwa anthu atopa ndi akathyali oimba mafoni n'kumanamizira kuti atumiza ndalama molakwitsa pa Airtel Money kapena Mpamba. Nambala yachilendo imalandiridwa ndi mtima wokayika. Wogulitsa apereke moni mwaulemu, atchule dzina lake, sitolo ndi pamene ili, anene kumene anapeza nambalayo, kenaka afunse ngati bambo kapena mayiwo ali ndi mpata wolankhula. "Tinakumana pa chionetsero cha mbewu, munatisiyira nambala" amatsegula khomo kuposa kuyamba ndi mitengo. Gulu lonse ligwirizane kuti palibe wopempha nambala yachinsinsi ya kasitomala, ndiponso kuti ndalama zimalipiridwa pa nambala imodzi yokha ya bizinesi imene yalembedwa pa sitolo.

Foni isathe popanda chotsatira chokhala ndi tsiku. "Ndikuyankhani" si chotsatira. Funsani kuti, "Ndikuimbireninso Lachisanu masana, kalabu itakumana?" ndipo lembani tsikulo. Amene sanayankhe muyeseni katatu pa masiku osiyana ndi maola osiyana, kachitatuko mutumize uthenga wachidule wonena kuti ndinu ndani, kenaka mumusiye kwa mwezi. Wofulasha muimbireni tsiku lomwelo. Kawirikawiri ndi munthu amene akufuna kugula koma alibe mayunitsi.

Pa nambala ya bizinesi ikani WhatsApp Business. Ili ndi zizindikiro zamitundu zosiyanitsira makasitomala, mayankho okonzeratu a mafunso obwerezabwereza monga mitengo ndi maola otsegulira, komanso malo oonetsera katundu. Tsegulani chitetezo cha manambala asanu ndi imodzi achinsinsi kuti wina asalande akauntiyo. Uthenga wopita kwa anthu ambiri nthawi imodzi umalola anthu 256 pa mndandanda, koma umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo, ndiye pemphani kasitomala aliyense aisunge muli naye pomwepo. Kutumiza mauthenga ambiri kwa anthu osakudziwani kumachititsa kuti akudandaulireni, ndipo WhatsApp imatseka nambala zotere.

Za mapulogalamu olipira oimba okha mafoni kudzera pa intaneti, ife tikuti musathamangire. Ambiri amalipiritsa m'madola pa munthu aliyense mwezi ndi mwezi, amafuna intaneti yosadukaduka, ndipo ena amaonetsa nambala yakunja imene mlimi sangaiyankhe. Kaundula akakula mpaka kuyamba kulemera, yesani kaye HubSpot kapena Zoho CRM, mapulogalamu osungira kaundula wa makasitomala amene ali ndi gawo laulere. Manambala anu olembedwa mofanana aja amasamukira kumeneko mosavuta.

Manambala ndi mayina a anthu ndi zinthu zotetezedwa ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA ikuyang'anira. Tengani nambala munthu atavomera, muuzeni chimene muigwiritsire ntchito, musagulitse kapena kugawa kaundula wanu kwa ena, ndipo musajambule mawu a pa foni mwini wake osadziwa. Amene wanena kuti musamuimbirenso alembedwe choncho, mzere wake usafufutidwe, kuopa kuti wogulitsa watsopano angadzamulembenso ngati kasitomala wachilendo.

Magetsi akathima kapena netiweki ikasowa, ntchito isaime. Wogulitsa aliyense akhale ndi pawabanki ndi kope laling'ono lokhala ndi mitu yofanana ndi ya m'kaundula, ndipo zolemba za m'kope zilowe mu Sheets madzulo a tsiku lomwelo. Lolemba lililonse m'mawa, woyang'anira akhale pansi ndi gulu kwa mphindi 20, kaundula ali pa kompyuta. Ayang'ane mizere imene tsiku lake linapitirira, mizere yopanda womusamala, ndi misonkhano ya sabata yatha imene ilibe zotsatira. Mzere uliwonse wotere upatsidwe dzina ndi tsiku latsopano anthu asanabalalike.