Momwe mungathandizire kanari wamng'ono amene akuvutika kupuma

Mbalame za kanari, zomwe kwawo kwenikweni ndi kuzilumba za Canary, Madeira ndi Azores, zimawetedwa chifukwa cha kayimbidwe kake kokoma, koma ife amene tinakulira pa nkhuku ndi nkhunda, kaya ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose mumzinda wa Harare, tiyenera kudziwa kuti kambalame aka sikapirira ngati ziweto zomwe tinazolowera. Kamalemera magalamu pafupifupi 20 okha, ndipo kakadwala kamabisa matenda mpaka mphamvu zitatheratu, kotero kuti mukakaona kakupuma kukamwa kuli yasa, dziwani kuti kangathe kufa tsiku lomwelo. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka thupi lake. Kuwonjezera pa mapapo, mbalame ili ndi timatumba ta mpweya tomwe timafika mpaka m'mimba, motero utsi, fumbi kapena kachilombo kakalowa kamafalikira msanga. N'chifukwa chake anthu a m'migodi ya malasha ku Britain ankatsika ndi mbalame zimenezi kuti ziwachenjeze za mpweya woipa, mpaka mu 1986 pamene makina analowa m'malo mwake.

Yambani ndi kuyang'ana muli chapatali, musanakhudze khola, popeza mbalame ikaona munthu pafupi imadzilimbitsa n'kumaoneka ngati ili bwino. Onani mchira wake: ngati ukukwera ndi kutsika nthawi iliyonse pamene ikupuma, ndiye kuti ikukoka mpweya movutikira. Onaninso ngati yafufumitsa nthenga masana, ngati ikugona pansi m'malo motera pa kamtengo, ngati ikuyetsemula kapena kupukuta mlomo pafupipafupi, komanso ngati nthenga za pamwamba pa mphuno zanyowa ndi kumatana. Usiku, m'nyumba mukakhala zii, ikani khutu pafupi ndi khola. Mbalame yathanzi simveka ikamapuma, koma yodwala imamveka kaphokoso kakuti tche tche tche, kapena kakhweru kotsika kochokera pakhosi. Kwa yaimuna yomwe inali itayamba kuphunzira kuyimba, kusasa mawu kapena kuleka kuyimba kumene ndi chizindikiro choyamba, ngakhale kuti nthawi yothothoka nthenga imathanso kuleka kuyimba popanda matenda.

Mukatsimikiza kuti mbalame ikubanika, ichotseni msanga pamalo pamene pali mpweya woipa, ndipo apa ndi pamene ambiri a ife timapha mbalame zathu tisakudziwa. Magetsi akazima timayatsa mbaula ya makala, nyali ya palafini, makandulo kapena jenereta, ndipo khola limakhala lili pompo pakhitchini kapena pakhonde pamene utsi ukudutsa. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, zofukizira udzudzu, fodya, penti ndi mafuta onunkhiritsa m'nyumba, zonsezi n'zoopsa kwa kanari. Choopsa kuposa zonse ndi poto kapena chiwaya chosamatirira chakudya, chokutidwa ndi Teflon, chikasiyidwa pamoto mpaka kutenthetsa, pakuti mpweya wake, womwe munthu saumva n'komwe, umapha mbalame m'mphindi zochepa. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, pamene tchire likupsa ndipo fumbi lili paliponse, khola lisakhale pawindo lotsegula.

Chachiwiri ndi kuifunditsa. Thupi la mbalame limatentha madigiri oposa 40, ndipo ikadwala imataya kutenthako mofulumira, makamaka kuno ku Harare kumene mzinda uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi umazizira kwambiri. Ikeni yodwalayo m'kakhola kakekake, kutali ndi zinzake, ndipo fundikani mbali zitatu ndi nsalu, mbali imodzi ikhale yotsegula. Kunja kwa khola, mbali imodzi yokha, ikani botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo kapena babu yowala pang'ono, kuti m'katimo mufunde kufika madigiri 27 mpaka 30 ndipo mbalame ithe kusunthira kwina ikamva kutentha. Ikatambasula mapiko n'kumapuma wefuwefu, ndiye kuti mwatenthetsa. Tsitsani kamtengo koterapo, ndipo chakudya ndi madzi zikhale pansi pomwe ingafikire mosavuta. Mukamaigwira musaifinye pachifuwa, chifukwa imapuma pokweza ndi kutsitsa fupa la pachifuwapo, ndipo musaithire madzi kapena mankhwala kukamwa mokakamiza, poti dontho limodzi likalowera kunjira ya mpweya lingathe kuitsamwitsa.

Mbalame ikakhazikika, ganizirani chomwe chingakhale gwero la vutolo, popeza dokotala wa ziweto adzakufunsani zimenezi. Matenda omwe amavutitsa kwambiri mbalame za kanari amadza ndi tizilombo tating'onoting'ono tonga utitiri, totchedwa Sternostoma tracheacolum, tomwe timakhala m'kati mwa njira ya mpweya, m'mapapo ndi m'timatumba tija. Makolo amapatsira ana awo tizilomboti powadyetsa kukamwa, kotero mwana angathe kutuluka m'chisa ali nato kale ngakhale makolo akuoneka athanzi, ndipo timafalanso pamene mbalame zikuyetsemula kapena kumwera pamodzi. Kaphokoso ka usiku kaja, kusasa mawu ndi kugwedeza mutu ngati mbalame ikufuna kulavula chinthu kawirikawiri zimaloza kumeneku. Dokotala amanyowetsa nthenga za pakhosi n'kuunika ndi tochi yowala kwambiri, ndipo nthawi zina tizilomboti timaoneka ngati timadontho takuda m'kati mwa khosi, koma kusaoneka kwake sikutanthauza kuti mulibe.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, muziganiziranso za nthomba ya kanari yomwe imafalitsidwa ndi udzudzu. Imatulutsa tizilonda pazikope, pamlomo ndi pamiyendo, koma nthawi zina imagwira mapapo mwadzidzidzi n'kupha mbalame zambiri m'khola popanda chilonda chooneka. Nthombayi ilibe mankhwala oichiza, choncho neti yotchinga udzudzu pa khola ndi yofunika kwambiri. Chinyezi cha nyengo yomweyi chimachititsa kuti chakudya chichite chuku, ndipo chukucho chikapumidwa chimamera m'timatumba ta mpweya n'kuyambitsa matenda ovuta kuchiza. Kwa ana a miyezi 2 mpaka 9 palinso matenda a tizilombo ta m'matumbo tomwe timatupitsa chiwindi, ndipo mukauzira nthenga za pamimba mumaona kadontho kakuda kumunsi kwa chifuwa. Chiwindi chotupacho chimapanikiza timatumba ta mpweya, motero mbalame imabanika ngakhale vuto silili m'mapapo.

Popeza matenda onsewa amaoneka mofanana koma mankhwala ake ndi osiyana, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo muyambe mwafunsa pafoni ngati amaona mbalame zing'onozing'ono, pakuti ambiri anazolowera agalu, amphaka ndi ng'ombe. Nyamulani mbalameyo m'kabokosi koboola timabowo, koyala nsalu pansi, ndipo mutenge pepala la pansi pa khola lomwe lili ndi zitosi zatsopano, komanso chakudya pang'ono chomwe mwakhala mukuipatsa. Ngati ina yafa, ikulungeni m'pulasitiki n'kuiika mufiriji, osati mozizira moumitsa, kuti dokotala aipime, chifukwa imeneyo ingathe kupulumutsa zotsalazo. Ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musayese mankhwala a anthu kapena a nkhuku mongoganizira. Tizilombo ta m'njira ya mpweya timaphedwa ndi ivermectin kapena moxidectin, koma ivermectin wa ng'ombe ndi wamphamvu zedi kwa kambalame ka magalamu 20, ndipo mlingo wake ayenera kupima ndi dokotala. Iyeyo adzakuuzani kuti mbalame zonse za m'khola zilandire mankhwala ndi kuti mudzabwereze liti, popeza ulendo umodzi sumaliza tizilombo tonse.

Mukabwerera kunyumba, tsukani khola, timitengo ndi ziwiya ndi madzi otentha a sopo, muzitsukuluze bwino n'kuziyanika padzuwa mpaka zitauma. Sinthani madzi akumwa ndi pepala la pansi tsiku lililonse, ndipo chakudya chilichonse chonunkha chinyontho chitayidwe. Mbalame yodya njere zokhazokha imasowa vitamini A, yemwe amalimbitsa m'kati mwa mphuno ndi khosi, choncho muziipatsa karoti wopala, masamba obiriwira otsuka bwino ndi kachidutswa ka dzira lowiritsa, komwe muzichotsa pakapita maola ochepa kasanasase. Peyala musaipatse konse, chifukwa ndi poizoni kwa mbalame. Mbalame yatsopano iliyonse ikhale payokha m'chipinda china kwa masiku osachepera 30 musanaisakanize ndi zanu, ndipo yomwe yangochira musaiike pa chisa mpaka itabwerera mwakale. Sambani m'manja mukatha kugwira yodwala, ndipo ngati wina m'banjamo wayamba kutentha thupi ndi kutsokomola, muuzeni adokotala kuti kunyumba kuli mbalame yodwala, popeza matenda otchedwa psittacosis amatha kuchoka kwa mbalame kupita kwa munthu.