Chimanga chosadziwika kwawo chachuluka m'minda yozungulira Lusaka

Dzinja lino ndaona chinthu chimodzi chikubwerezedwa m'minda ya ku Chongwe, Chilanga ndi Kafue, ndipo chandidetsa nkhawa kwambiri. Alimi ambiri abzala chimanga chimene sangathe kutchula dzina lake ngakhale kumene chachokera. Ukafunsa kuti thumba lake lili kuti, amayankha kuti mbewu inabwera m'chidebe kuchokera pamsika, kapena kuti wachibale anabwera nayo kuchokera kunja. Kachikalata kosokedwa pakamwa pa thumba, kamene kamasonyeza mtundu wa mbewu ndi nambala yake, palibe amene ali nako, ndipo ngakhale amene anagula mbewu yovomerezeka anakayatsira moto tsiku lomwelo lobzala.

Ena amati bola chamera. Maganizo amenewa ndi amene ndatopa nawo, chifukwa m'dera lino la Africa mbewu za GMO, zimene asayansi anazisintha chibadwa, zilipo kale. Ku South Africa chimanga cha GMO chinayamba kulimidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero chimanga chochuluka cha kumeneko ndi chotero. Ku Malawi thonje la GMO lotchedwa Bt linaloledwa mu 2019. Kuno kwathu ku Zambia boma la Levy Mwanawasa linakana chimanga chathandizo cha GMO mu 2002 njala ili mkati, ndipo lamulo la Biosafety Act la mu 2007 limaletsa kulowetsa kapena kubzala mbewu zotere popanda chilolezo cha bungwe la boma la National Biosafety Authority. Njere ya GMO sioneka ndi maso. Imafanana ndendende ndi inzake, kotero kuti mlimi wobzala mbewu yosadziwika angathe kuphwanya lamulo iye osadziwa kanthu.

Maiko ena amene analola mbewuzi anaona msanga kuti anthu ayenera kudziwa pamene zabzalidwa. Lamulo la mu 2001 la European Union, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, linauza maiko ake kuti akhale ndi kaundula woonekera kwa aliyense. Germany inatsegula wake mu 2005, ndipo mlimi amayenera kulembetsa munda miyezi itatu asanabzale. Munthu aliyense amatha kuona pa intaneti malo a mundawo, kukula kwake ndi mtundu wa mbewu, ngakhale kuti dzina la mwini munda silionetsedwa poyera. Kumeneko anaikanso mtunda wa mamita 150 pakati pa chimanga cha GMO ndi chimanga wamba, komanso mamita 300 ngati woyandikana naye amalima popanda feteleza ndi mankhwala ogula. Kaundula wotere amagwira ntchito pa chifukwa chimodzi chokha, choti mlimi amadziwa chimene wabzala ndipo amachinena. Nthawi zambiri pamisonkhano alimi amandifunsa kuti kodi boma lidzatipatsa liti mapu otere, ndipo ine ndimagwirizana nawo kuti ndi ofunika, koma mapu sangasonyeze munda umene mwini wake yemwe sadziwa chimene chilimo. Mbewu yolowa mozemba siilembedwa paliponse.

Amayi ena a kufupi ndi Chongwe anandiitana chaka chatha pokolola, atanyamula zisononkho m'lichero. Iwo akhala akusunga chimanga chamakolo cha gankata chimene anasiyiridwa ndi amayi awo, choyera ndi cholimba posinja. Pa zisononkho zimenezo panali njere zachikasu zomwazikana pakati pa zoyera, pena ziwiri pena khumi. Anati, “Alangizi, ine sindinabzale chachikasu, nanga izi zachokera kuti?” Titayenda mpaka kumalire tinapeza kuti oyandikana nawo anabzala mbewu imene mkamwini wawo, dalaivala wa thiraki, anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Minda iwiriyo inamasula ngayaye sabata imodzi, ndipo mphepo inachita zotsalazo. Ndinawauza kuti, “Amayi, mtundu wachikasu pawokha sutanthauza GMO, koma ukutiuza kuti mungu wa kutsidya walowa m'mbewu yanu.” Anakhala chete, kenaka anafunsa ngati angasankhe zoyera zokhazokha n'kubzala. Kusankha kumathandiza pang'ono chabe, chifukwa mungu wa chimanga choyera chachilendo ukalowa susiya chizindikiro chilichonse.

Apa ndi pamene pali kutaya kwenikweni. Wobzala mbewu yosadziwika amadziwononga yekha poyamba, chifukwa njere za pamsika nthawi zambiri ndi ana a haibridi, ndipo zokolola zake zimatsika ngakhale feteleza athiridwe mokwanira. Koma amawononganso mnzake amene sanalakwe. Mbewu yamakolo ikasakanizika siibwerera msanga mwakale, ndipo banja limataya chinthu chimene linachisunga mibadwo. Kuzungulira Lusaka kuli alimi amene amalimira makampani mbewu, ndipo munda wawo ungakanidwe ndi oyendera ngati pafupi pali chimanga china chomasula nthawi yomweyo. Alimi olima mwachilengedwe, monga amene amaphunzira ku sukulu ya zaulimi ya ku Kasisi, amagulitsa podalira kuti ogula amawakhulupirira. Zikadziwika kuti mbewu yosaloledwa yafalikira m'dera, sipadzakhala njira yolondolera kumene inayambira, ndipo mudzi wonse udzakayikiridwa pamodzi. Chizolowezi chongolandira mbewu chifukwa wapereka ndi wachibale chinali chabwino pamene mbewu zonse zinali za m'mudzi momwemo, koma lero mathiraki amadutsa pa zipata za m'malire za Chirundu ndi Kazungula usana ndi usiku.

Zoyenera kuchita si zambiri. Gulani mbewu yomatidwa bwino, yokhala ndi kachikalata ka Seed Control and Certification Institute, bungwe la ku Chilanga, ndipo kachikalatako pamodzi ndi lisiti muzisunge mpaka mutakolola. Lembani m'kope munda, mtundu wa mbewu ndi tsiku lobzala, kenaka mupatse alangizi a m'dera lanu kuti alembe m'buku mwawo. Kambiranani ndi oyandikana nawo mvula isanagwe, kuti ngati minda yagundana musiyanitse masiku obzala ndi masabata atatu kapena anayi. Mbewu yosunga itengeni pakati pa munda, osati m'mphepete. Ngati muli nayo kale yokayikitsa, musagawireko wina, ndipo uzani alangizi kuti aitumize kukayezedwa.