Mmene mungagwirire anthu othandiza kabungwe kanu kuti asathawe

Ngati muli m'kabungwe kakang'ono kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo, kaya ndi CBO (kabungwe ka anthu a m'mudzi) yophikira ana phala ku sukulu ya mkombaphala, kaya mumalipirira atsikana fizi ku sekondale, kaya ndinu achinyamata obzala mitengo m'mbali mwa phiri, mukudziwa kale kuti chiyambire Januwale 2025 pomwe boma la America linaimitsa thandizo la USAID zinthu zathina koopsa. Mabungwe akuluakulu amene ankatigawirako kangachepe nawonso akulira, nde aliyense pano ali kalikiliki kulemba ma puropozo opempha ndalama kwa ma donor (opereka thandizo) ndipo onsewo akukaunjikana pa matebulo omwewo ku Lilongwe. Lembani ndithu sindikukuletsani, koma theka la nthawi imeneyo ipatseni anthu amene anakupatsanipo kale kanthu, olo inali K5,000 kapena thumba limodzi la chimanga. Tiyi sabzala chaka ndi chaka, amathyola tchire lomwelo bola ukulisamala, ndipo munthu amene anapereka kamodzi ndi wosavuta kumupemphanso kusiyana ndi mlendo amene sanamvepo dzina lanu.

Yambani ndi kope. Kope wamba la hadikava, kapena Excel ngati muli ndi kompyuta, mulembemo aliyense amene anathandizapo: dzina, nambala ya foni, anapereka chani, liti, anamva za inu kudzera mwa ndani, komanso chimene chimamukhudza mtima. Chomalizachi anthu amachidumpha koma ndiye chofunika, chifukwa mayi amene anapereka atamva za mtsikana wosiya sukulu simungamutumizire nkhani ya manyowa nkumadabwa kuti sakuyankha. Kopeli likhale la bungwe osati la wapampando, mabungwe ambiri amagwa tsiku limene munthu mmodzi wasamukira ku Limbe ndi manambala onse mufoni mwake.

Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 anthu ambirimbiri anatumiza thandizo kuno, mipingo ya ku Blantyre, ana a kuno amene ali ku Joni ndi ku UK, magulu a pa WhatsApp a anthu ophunzira sukulu imodzi. Dzifunseni kuti mwa amene anadzera kwa inu ndi angati amene munawauzako zimene zinachitika pambuyo pake. Ngati simunatero manambala awo afunefuneni pompano, muwalembere osapempha kalikonse, kungowauza kuti mabanja aja ali bwanji lero.

Pepala ndi ndalama zikonzeni musanayambe kupempha. CBO ilembetsedwe ku khonsolo kudzera ku ofesi ya Social Welfare, ndipo ngati mwakula nkukhala NGO ndiye nkhani ndi ya ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira ma NGO, amene amafuna malipoti a chaka ndi chaka, komanso CONGOMA, bungwe losonkhanitsa ma NGO. Akaunti ya ku banki ikhale m'dzina la bungwe, osayinira atatu, awiri asayine ndalama isanatuluke, ndipo asakhale bambo, mayi ndi mlamu wawo chonde. Za Airtel Money ndi Mpamba, gulani SIM yake yake ya bungwe. Ndalama ya ana amasiye ikamalowa mu nambala yomwe mumagulira bandulo ndi ndiwo, olo mutakhala wokhulupirika bwanji tsiku lina masamu adzakukanikani, ndipo wopereka akaona dzina la munthu pa meseji m'malo mwa bungwe amayamba kale kukayika.

Popempha tchulani chinthu chooneka. "Tithandizeni pa chitukuko cha ana" sizigwira munthu. Nenani kuti tikufuna malata 30 a denga la khitchini ya mkombaphala, mtengo wake ndi uwu malinga ndi koteshoni ya ku Chitakale ya tsiku lakuti, mchenga ndi njerwa anthu a m'mudzi aika kale ndipo amfumu apereka malo. Mbali ya mudziyo musamaiwale kuitchula, munthu amamasuka kuponya pamene ena aponyapo kale. Ndipo mu bajeti lembani poyera ndalama ya thiransipoti, ya kabaza, ya mayunitsi ndi yochotsera ndalama kwa ejenti, osazibisa mu mtengo wa malata. Anthu ena amaopa kuti akalemba zimenezi donor athawa, koma amathawa kwambiri akadzazitulukira yekha.

Nanga mupemphe ndani? Maso asamangokhala kwa azungu. Ma esiteti a tiyi ali pakhomo pompano, Lujeri, Eastern Produce, Satemwa, Conforzi, ndipo kampani imavutika kutulutsa cheke koma simavutika kwenikweni kubwereka thirakitala, kupereka nkhuni kapena matabwa, nde pemphani katundu, kalata ikhale ya tsamba limodzi yokhala ndi chidindo cha amfumu ndi a ADC, komiti ya chitukuko cha m'dera. Ogulitsa m'mashopu a pa Luchenza, Bvumbwe ndi Limbuli, ma loji a ku Likhubula amene amalandira alendo okwera phiri, mabanki nkhonde nthawi yogawana mu Disembala, Pepa Sande ku tchalitchi, a ku mzikiti nthawi ya Ramadan. Mu Okotobala anthu amadzadza pa Chonde ku Mulhako wa Alhomwe, ambiri mwa iwo ndi ana a kuno omwe ali pa ntchito mtauni, kumeneko simupita ndi mbale yopemphera ayi, mumapita kukadziwana ndi anthu ndi kutenga manambala. Anthu 40 opereka K5,000 mwezi ndi mwezi ndi K200,000 yodalirika, ndipo mmodzi akasiya phala limaphikidwabe, pomwe donor mmodzi wamkulu akatseka mpopi zonse zaima tsiku lomwelo.

Tsopano pamene pagona nkhani ndi ndalama ikalowa. Thokozani pasanathe masiku awiri, ndipo ikhale foni kapena voyisi noti yotchula dzina la munthuyo ndi ndalama imene mwalandira, osati meseji imodzi yomwaza kwa onse ija yoyamba ndi "okondedwa abale ndi alongo". Mukagula katundu jambulani lisiti nkutumiza, olo ikhale ya pamsika yolemba pamanja bola pali deti, dzina ndi siginecha ya wogulitsa. Kenako chithunzi cha malata ali pa njinga, kenako ali padenga. Mameseji atatu amenewa sakudyerani bandulo yambiri koma ndi amene amapangitsa munthu kunena mumtima kuti awa ndiye anthu. Akatumiza kudzera pa Mukuru kapena ku banki kuchokera kunja muuzeni kuti mu makwacha yakwana zingati ndendende. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anali ndi ndalama ya mapaundi kapena madola anangoona makwacha achuluka, pomwe mitengo ya simenti ndi chimanga nayo inalumpha. Zoterezi zikachitika lembani msanga kuti ndalama yanu yakwana mwakuti, mitengo yasintha mwakuti, yotsalayo tichite nayo chani? Kufunsa kokhako kumamanga chikhulupiriro kuposa lipoti la masamba 20.

Nkhani yoipa muuzeni inu nomwe asanaimve kwina. Mtsikana amene ankamulipirira watenga mimba, mbuzi za pulojekiti zafa, msungichuma wadya K80,000, nenani pasanathe sabata, munene chimene chachitika ndi chimene komiti yachita. Ndikudziwa zimachititsa manyazi ndipo mtima umati tidikire kaye mwina tikonza mwakachetechete, koma kuno nkhani sibisika, wothandiza ali ku Johannesburg uja ali ndi azakhali ake pa Thekerani amene amamuimbira Lamulungu lililonse. Anthu ambiri amapirira vuto, chimene sapirira ndi kupusitsidwa. Chimodzimodzi ndalama yopemphera malata musagulire yunifolomu musanafunse mwini wake, olo yunifolomuyo ikufunika mwachangu chotani.

Pa zithunzi ndiimepo pang'ono chifukwa zimandinyansa. Kujambula mwana wamamina ndi malaya ong'ambika nkumuika pa Facebook ndi dzina lake, mwinanso nkulemba kuti ali ndi kachilombo, kumeneko ndi kumugulitsa mwanayo, adzakula nkudzaziona. Pemphani chilolezo kwa kholo kapena womulera, muwauze kumene chithunzicho chikupita, akakana basi zathera pompo. Jambulani ana akudya, akusewera, akulemba, ndipo za matenda a munthu sizilembedwa pagulu.

Pakati pa pempho ndi pempho pazikhala nkhani zosapempha, ine ndimati zitatu. Munthu akangoona kuti nambala yanu imalira pokhapokha mukafuna ndalama amasiya kuyankha. Ka lipoti ka pa WhatsApp kamodzi pa mwezi nkokwanira, mizere isanu ndi chithunzi chimodzi: ana angati adya phala, ndalama yalowa zingati, yatuluka zingati, chatsala nchiyani. Manambalawo akhale enieni ochokera mu rejisitala, ngati ana ndi 63 lembani 63 osati "oposa 100", tsiku lina munthuyo adzabwera kudzawerenga yekha. Ndipo muziwaitana abwere, koma osakonza chionetsero chosonkhanitsa ana a midzi ina ndi magule, abwere tsiku wamba aone mmene zimakhalira, akhale pa mkeka amwe tiyi ndi chinangwa. Musaike onse mu gulupu imodzi ya WhatsApp osawafunsa, ena safuna kuti zidziwike kuti amapereka, bulodikasiti ndiyabwino, imene aliyense amalandira meseji payekha.

Nthawi yopemphanso isankheni bwino. Olandira malipiro apezeni kumapeto kwa mwezi, chimanga ndi nandolo pemphani anthu akangokolola osati mu Januwale kapena Febuluwale pamene aliyense ali pa njala, ndipo za fizi yambani mu Julaye sukulu zisanatsegulire mu Seputembala. Amene wapereka kawiri katatu mufunseni mosapita m'mbali ngati angamapereke mwezi ndi mwezi, ndalama atchule yekha, ndipo mugwirizane tsiku lomukumbutsa.

Wina akasiya kupereka musamuthamangitse ndi mameseji tsiku ndi tsiku, komanso osayamba kumunena kumbali kuti wayamba matama, mwina ntchito inatha kapena kunyumba kuli matenda. Muimbireni kamodzi kumufunsa za moyo, mumufunse ngati pali chimene sichinamusangalatse komanso ngati akufunabe kumalandira lipoti la pamwezi lija. Akati eya pitirizani kutumiza, mu kope mulembe deti limene mwalankhula naye, ndipo za ndalama musatchule mpaka patadutsa miyezi isanu ndi umodzi.