Mukasamukira kumayiko a kumpoto, dziwani kusiyanitsa moose ndi deer

Amene mwangofika ku Canada, Sweden, Norway kapena Finland, mudzaona m'mbali mwa msewu chikwangwani chojambulidwa nyama ya nyanga. Ambirife timangoti ndi gwape n'kupitirira. Yang'anitsitsani, chifukwa ngati ili ndi linunda ndi chimphuno cholendewera, imeneyo ndi moose, ndipo m'pofunika kuchepetsa liwiro pomwepo.

Moose ndi deer, nyama yooneka ngati gwape, n'zapachibale. Moose ndiye wamkulu kuposa onse m'banja la deer. Zonse zimabzikula ngati ng'ombe, ndipo zazimuna zimathothoka nyanga chaka chilichonse n'kumeranso zina, zomwe gwape ndi mphalapala sachita. Mayina okha ndiwo amasokoneza: ku Sweden moose amatchedwa älg, ku Norway elg, Angelezi a ku Britain amati elk, pomwe ku America elk ndi nyama inanso.

Kusiyana kwenikweni kuli pa msinkhu. Deer wa mchira woyera, wofala ku North America, amatalika pafupifupi mita imodzi paphewa. Moose wamphongo amafika mamita 2 ndipo amatha kupitirira makilogalamu 600. Galimoto ikagunda deer, kawirikawiri chimaphwanyika ndi boneti. Ikagunda moose imathyola miyendo yokha, chithupi chonsecho n'kugwera pa galasi la kutsogolo ndi padenga, pamene pali mutu wanu. Usiku ndiye zoopsa kwambiri. Maso a deer amanyezimira magetsi akawaunika, koma moose ndi wakuda ndipo mutu wake umakhala pamwamba pa kuwala, choncho mumangoona miyendo yotuwa mutafika kale pafupi. Ku Newfoundland, chilumba cha ku Canada, kumene anabweretsako moose anayi okha mu 1904, lero madalaivala amachenjezana za iwo tsiku ndi tsiku.

Nthawi yovuta ndi m'bandakucha ndi chisisira, ndipo inu ogwira ntchito za mashifiti ndi nthawi imene muli pamsewu. Deer akadumphira kutsogolo kwanu, pondani mabuleki mwamphamvu osakhotetsa chiwongolero, poti ambiri amavulala pogunda mtengo kapena galimoto ina pofuna kuzemba. Ndipo deer sakonda kuyenda yekha, akawoloka mmodzi dikirani anzake. Moose amayenda yekha, kupatula wamkazi amene ali ndi mwana. Ngati simungathe kupewa kugunda moose, lunjikani kumbuyo kwake, kumene akuchokera, ndipo weramani. Ku Sweden lamulo limati muimbire apolisi pa 112 ndi kuika chizindikiro pamalopo, ngakhale nyamayo itathawa ikuoneka yabwinobwino. Musanyamule nyamayo kuika m'buti, ku Sweden umenewo ndi mlandu. Funsaninso a inshuwalansi ngati pepala lanu limalipira ngozi yotere.

Mukakumana nazo wapansi, deer amathawa. Moose nthawi zina sachita mantha, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kumanyenga anthu ofuna kujambula zithunzi za pa WhatsApp. Mu May ndi June wamkazi amateteza ana, mu September ndi October amphongo amakhala olusa pofuna zazikazi. Akagonetsa makutu, ubweya wa pakhosi n'kuima, bwererani msanga. Akakuthamangitsani thawani, mubisale kuseri kwa mtengo kapena galimoto. Galu akhale pachingwe, chifukwa moose amamuona ngati mdani.

Kamwana ka deer mukakapeza kali kokha m'udzu, kasiyeni, mayi wake ali pafupi. Choopsa cha deer chili m'udzu momwemo: nkhupakupa zimene zimaswana pomwe pali deer wambiri zimafalitsa matenda a Lyme. Mukachokera kutchire dzifufuzeni thupi lonse, ana muwaone m'mutu ndi kuseri kwa makutu. Pakhungu lakuda chidzolo chake sichioneka bwino, ndiye mukamva kutentha thupi kapena kuphwanya m'thupi mutalumidwa, uzani dokotala kuti munali m'nkhalango.